Sukulu zophunzitsa ntchito ya malo ndi nyumba ku Kasungu: zimene zingalonjeze potsatsa ndi zimene sizingalonjeze

Malo asanduka malonda aakulu ku Kasungu. Minda yomwe kale inali ya chimanga m'mbali mwa msewu wa M1 ikudulidwa mapuloti, nyumba za lendi zikumera ku Chankhanga ndi madera ena ozungulira tauni, ndipo achinyamata aona kuti pakati pa wogulitsa ndi wogula pamatsala kangachepe. Pomwe pali anthu ofuna kuphunzira ntchito, ophunzitsa sachedwa kufika. Ena ndi aphunzitsi enieni, ena amangofuna fizi. Mafunso ali m'munsiwa ndi a makolo, a achinyamata komanso a eni sukulu amene akufuna kutsatsa maphunziro awo mosanamiza munthu.

Kodi pali lamulo loletsa sukulu kunama potsatsa maphunziro, kapena zimangodalira chikumbumtima cha mwini sukulu?

Lamulo lilipo. Maphunziro olipira ndi malonda, ndipo wophunzira amene wapereka fizi ndi wogula monga alili munthu wogula thumba la feteleza. Lamulo loteteza ogula lotchedwa Consumer Protection Act, la m'chaka cha 2003, limaletsa kutsatsa malonda monama kapena mosocheretsa. Palinso lamulo la Competition and Fair Trading Act, lomwe linakhazikitsidwa koyamba mu 1998 ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Bungwe loona kuti lamuloli likutsatidwa ndi Competition and Fair Trading Commission, lomwe ambiri amangolitchula kuti CFTC, ndipo limalandira madandaulo a ogula. Munthu akatolera ndalama za anthu akudziwa kuti sukulu yomwe akunenayo kulibe, nkhaniyo imafika kupolisi, chifukwa kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu.

Chofunika kumvetsa n'chakuti lamulo silisaka bodza lamkunkhuniza lokha. Limayang'ananso chimene munthu wamba angamve akawerenga uthengawo. Sukulu ingalembe kuti “ophunzira athu akugwira ntchito m'makampani akuluakulu a nyumba ku Lilongwe” pomwe ndi mmodzi yekha amene anapezako ntchito, ndipo anaipeza chifukwa cha digiri yomwe anali nayo kale. Mawu aliwonse pawokha angaoneke oona, koma kholo lowerenga limva kuti mwana wake akamaliza adzalembedwa ntchito. Kumeneko ndiye kusocheretsa.

Chikwangwani chawo chalembedwa kuti “registered”. Zimenezi sizikukwanira?

Sizikukwanira, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: mwalembetsedwa ndi ndani, ndipo pa maphunziro ati?

Pali mapepala angapo amene mwini sukulu angakuonetseni, onse ali ndi chidindo. Pali pepala lolembetsera dzina la bizinesi kuboma. Pali nambala ya msonkho ya ku MRA. Pali laisensi ya khonsolo yololeza kuchita malonda m'tauni. Mapepala atatuwa ngofunika, koma wogulitsa zitsulo ndi wometa tsitsi angakhalenso nawo. Palibe limodzi mwa iwo lomwe likunena kuti munthu wina wodziwa za maphunziro anabwera kudzaona makalasi, aphunzitsi ndi zomwe zikuphunzitsidwa.

Oona za maphunziro ndi ena. Pa ntchito zamanja ndi zaluso pali TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Pa maphunziro apamwamba, a m'makoleji ndi m'mayunivesite, pali National Council for Higher Education, kapena kuti NCHE, yomwe lamulo lake ndi la 2011. Bungwe la NCHE limatulutsa mndandanda wa makoleji ndi maphunziro omwe lawavomereza. Ndipo onetsetsani bwino, chifukwa kulembetsedwa kwa koleji ndi kuvomerezedwa kwa maphunziro enaake m'kolejimo ndi zinthu ziwiri. Koleji ikhoza kukhala yovomerezeka kuphunzitsa zowerengera ndalama, kenako n'kuyambitsa kosi ya malo ndi nyumba yomwe palibe anaiunika. Ikalemba kuti “accredited” (kutanthauza kuti ndi yovomerezeka) pamwamba pa kosi yatsopanoyo, yasocheretsa anthu ngakhale pepala lenileni lili mu felemu pakhoma.

Funsaninso za malo ophunzirira. Ngati likulu lili ku Lilongwe kapena ku Blantyre, koma makalasi a ku Kasungu akuchitikira m'chipinda cha kuseri kwa sitolo, pemphani pepala losonyeza kuti nthambi ya kunoyo ikudziwika kwa ovomereza. Mwini sukulu woona sakwiya ndi funso limeneli. Amatsegula kabati n'kukuonetsani, n'kukulolani kujambula ndi foni.

Akuti ndikaphunzira miyezi itatu ndidzakhala ejenti wovomerezeka. Zoona?

Ayi. Setifiketi ya sukulu si chiphaso chogwirira ntchito, ndipo pa mafunso onse ali pano, ili ndi limene ndikufuna kuti aliyense alimvetse. Sukulu imapereka umboni woti munakhala m'kalasi ndipo munakhoza zomwe anakufunsani. Chilolezo chogwira ntchito ngati ejenti wa malo ndi nyumba, kapena woyerekeza mtengo wa nyumba, chimachokera ku bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo, osati kwa mphunzitsi.

Kwa zaka zambiri ntchitozi zakhala pansi pa lamulo lotchedwa Land Economy Surveyors, Valuers, Estate Agents and Auctioneers Act, lomwe linakhazikitsa bodi yolembetsa anthu a ntchitozi. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano okhudza maejenti a malo ndi nyumba komanso oyerekeza mitengo ya katundu. Choncho musanalipire, funsani ku ofesi ya zamalo kwa DC kapena ku Unduna wa Zamalo kuti panopa munthu akufunika mapepala anji kuti alembetsedwe, ndiye muyerekeze ndi zomwe sukuluyo ikupereka.

Akatswiri a ntchitoyi amaphunzira zaka. Ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, kuli digiri ya Land Economy ndi ya kuyeza malo. Ku Mzuzu University kulinso madigiri a za kasamalidwe ka malo ndi nyumba. Akatswiriwa ali ndi bungwe lawo, Surveyors Institute of Malawi. Munthu wa kosi ya miyezi itatu sangalembe lipoti la mtengo wa nyumba loti banki ililandire ngati chikole cha ngongole, ndiponso sangazike mabikoni a malire ngati saveya wovomerezeka. Sukulu yolonjeza zimenezi ikugulitsa chinthu chomwe ilibe.

Sindikunena kuti kosi yaifupi ndi yachabe. Mnyamata amene amapezera anthu nyumba za lendi akhoza kupindula kwambiri ataphunzira kulemba mgwirizano wa landilodi ndi wokhala m'nyumba, kusunga kaundula wa lendi, kulemba malisiti, ndi kudziwa ofesi yokafunsa ngati puloti ili ndi mwini wina. Zimenezi n'zothandiza, ndipo zikanachepetsa mikangano yambiri m'tauni muno. Koma zitchulidwe dzina lake lenileni: maphunziro oyambira, osati chiphaso.

Nanga akamati “ntchito ilipo mukangomaliza” kapena kutchula ndalama zomwe ndizidzapeza pamwezi?

Lonjezo la ntchito liyenera kukhala ndi dzina la wolemba ntchitoyo, mtundu wa ntchito ndi malipiro, zonse papepala. Popanda zimenezo ndi mawu okopera chabe. Kawirikawiri “ntchito” imene amanenayo imakhala yoti muziyenda ndi mapepala otsatsa mapuloti a mwini sukulu yemweyo, opanda malipiro apamwezi, kungodikira komishoni ngati wina wagula. Ngati ndi choncho, anene poyera kuti ndi ntchito ya komishoni, munthu asankhe akudziwa.

Za ndalama zapamwezi, aliyense wokhala ku Kasungu akudziwa momwe ndalama zimayendera kuno. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zikagulidwa, anthu amagula mapuloti ndi malata. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, ndalama zili ku feteleza, ku fizi ndi ku chimanga chodya, ndipo ogulitsa malo amachuluka kuposa ogula. Ejenti amatha miyezi osagulitsa kanthu, koma akuwononga ndalama za kabaza ndi mayunitsi tsiku ndi tsiku. Sukulu yotenga ndalama zomwe munthu mmodzi anapeza m'mwezi umodzi wabwino n'kuzilemba ngati malipiro a aliyense mwezi uliwonse ikubisa mbali yaikulu ya choonadi. Ngati ikufuna kutchula chiwerengero, ikhale ndi umboni wake, ndipo inene kuti ndi angati mwa ophunzira onse amene anafikapo pamenepo.

Alemba kuti ophunzira awo onse amakhoza mayeso. Si chizindikiro cha sukulu yabwino?

Funsani kuti mayesowo ndi a ndani. Ngati sukulu imadzikonzera mayeso, kudzichongera yokha ndi kudzisindikizira setifiketi, kukhoza kwa onse sikukutanthauza kanthu. Ngati mayeso amachokera ku bungwe lina lodziyimira palokha, pemphani kuona zotsatira zochokera kubungweko. Funsaninso kuti anayamba angati. Kalasi ikayamba ndi anthu 40, n'kufika pamayeso anthu 10, onse khumiwo n'kukhoza, mwini sukulu akhoza kulemba kuti onse anakhoza, koma anthu 30 anatsala panjira ndipo fizi yawo inapita.

Kumaiko komwe sukulu zoterezi zakhalako nthawi yaitali anaona vutoli kalekale. Ku America, chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake. Ku Florida lamulo limaletsa sukulu ya za malo ndi nyumba kutsimikizira ophunzira kuti adzakhoza mayeso a laisensi, ndiponso kunena kuti chilolezo chomwe boma linaipatsa chikutanthauza kuti boma likuiyamikira. Ku Texas bungwe loyang'anira ntchitoyi limatulutsa lokha ziwerengero za momwe ophunzira a sukulu iliyonse akukhozera, kuti sukulu isamadzitame ndi manambala ongopeka. Amenewo ndi malamulo a kumeneko, sagwira ntchito kuno. Koma nzeru yake ndi yomweyi: amene sachonga mayeso sangalonjeze zotsatira.

Dzina lawo lili ndi mawu akuti “University” ndi “International”. Kodi aliyense angadzitche choncho?

Kuno kwathu malo ophunzitsa maphunziro apamwamba ayenera kulembetsedwa ku NCHE, ndiye dzina lalikulu lisakuopseni kufunsa. Akati setifiketi yawo imachokera kunja, funsani dzina la bungwe lakunjalo, ndipo muone pa intaneti ngati bungwelo likuitchula sukuluyo pakati pa malo ake ophunzitsira. Mufunsenso ngati pepala lakunjalo limalandiridwa ndi olembetsa maejenti kuno ku Malawi, chifukwa ntchito mukufuna kugwira kuno.

Dzina lalikulu lasocheretsapo anthu ngakhale m'maiko olemera. Ku America kunali Trump University, yomwe inkaphunzitsa anthu za kupeza ndalama pa malonda a nyumba. Akuluakulu a zamaphunziro ku New York anati inalibe chilolezo chodzitcha yunivesite, ndipo mu 2010 inasintha dzina. Ophunzira ena anakasuma kuti anasocheretsedwa, ndipo mu 2016 eni ake anavomera kulipira madola 25 miliyoni kuti milandu ithe, ngakhale sanavomere kulakwa. Ngati anthu a kumeneko anakopeka ndi dzina, si zamanyazi kuti ife tifunse kawiri.

Pa pepala analemba fizi imodzi, koma nditayamba akundiuza za ndalama ya mayeso, ya mabuku ndi ya setifiketi. Zikuloledwa?

Mtengo wotsatsidwa uyenera kusonyeza zomwe munthu adzalipiredi. Kulemba mtengo wotsika kuti anthu alowe, kenako n'kumawonjezera zolipira zomwe sangazikane atalowa kale, ndi njira yodziwika yosocheretsera ogula. Imapweteka kwambiri pamapeto, pamene wophunzira wamaliza zonse koma akuuzidwa kuti setifiketi satenga mpaka alipire ndalama ya mwambo womaliza maphunziro ndi ya mkanjo, zomwe palibe anamuuza poyamba.

Musanapereke tambala iliyonse, pemphani pepala limodzi lokhala ndi zolipira zonse kuyambira kulembetsa mpaka kulandira setifiketi, losainidwa ndi kudindidwa. Pakhalenso mawu onena zomwe zidzachitike kosi ikalephereka kapena inu mukasiyira panjira. Lisiti likhale ndi dzina la sukulu, tsiku, ndalama ndi chimene mwalipirira. Kapepala kong'ambidwa m'kope kolembedwa dzina lanu loyamba ndi mawu oti “paid” sikadzakuthandizani kwambiri tsiku la mlandu. Ndipo akakuuzani kuti mutumize fizi pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu, dzina lotuluka pafoni likasiyana ndi la sukulu, imani kaye mufunse chifukwa chake.

Pansi pa uthenga pamakhala timawu tating'ono takuti “terms and conditions apply”. Mawuwa akutanthauza kuti pali mfundo zina zoyenera kutsatidwa. Kodi timawu timeneti timateteza eni sukulu?

Timawu tating'ono sitingafafanize lonjezo lolembedwa ndi zilembo zazikulu. Ngati pamwamba alemba kuti ntchito ndi yotsimikizika, pansi n'kubisa kuti sukulu sikulonjeza ntchito, chimene munthu wanyamula m'mutu ndi cha pamwambacho. N'chimodzimodzi kutsatsa m'Chichewa pa wailesi koma zoletsa zonse n'kuzilemba m'Chingerezi chovuta pa fomu.

Kunabwera semina yaulere pa loji ina m'tauni. Pamapeto anati olipira tsiku lomwelo achotseredwa theka. Ndinachita bwino kusalipira?

Munachita bwino. Semina yaulere si yolakwika, ndipo kutsitsa mtengo si mlandu ngati mtengo woyambawo unalikodi. Koma taonani momwe zimayendera. Chipinda chakonzedwa bwino, pali madzi a m'botolo patebulo, wolankhula wavala suti ndipo akuonetsa pakhoma zithunzi za nyumba za mipanda ndi magalimoto. Ola loyamba likutha osaphunzitsa chilichonse chomwe mungalembe m'kope. Kenako akuti malo atsala asanu okha, ndipo kumbuyo kwakhala kale mtsikana ndi buku la malisiti. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Cholinga cha changu chonsecho n'chakuti musapeze mpata wofunsa kunyumba kapena ku ofesi ya zamalo. Sabata yamawa mukamva kuti “malo asanu” omwewo akutsatsidwanso ku Mchinji kapena ku Dowa pa mtengo womwewo, mwadziwa kuti kuchepa kwa malo kunali kongopeka.

Chenjerani kwambiri ngati maphunziro akusakanizidwa ndi zinthu ziwiri izi: kukuuzani kuti mugule puloti kwa iwo kuti “muyambirepo”, kapena kuti ndalama zanu zidzabwerera mukabweretsa anzanu atatu odzalembetsa. Pamenepo phindu silikuchokera ku malo, likuchokera ku fizi ya obwera pambuyo, ndipo otsiriza kulowa ndi amene amalira.

Pa Facebook amaonetsa anthu akuyamikira kuti moyo wawo unasintha. Ndiwakhulupirire?

Umboni wa wophunzira wakale ndi wololedwa ngati munthuyo alipodi, anaphunziradi pamenepo, ananenadi mawuwo ndipo analola kuti chithunzi chake chigwiritsidwe ntchito. Ngati analipidwa kapena ndi m'bale wa mwini sukulu, owerenga ayenera kuuzidwa. Kasungu si mzinda woti munthu angasowe. Pemphani kuti akulumikizeni ndi ophunzira awiri kapena atatu a chaka chatha okhala konkuno, mukacheze nawo pamaso popanda mwini sukulu. Afunseni ngati setifiketi analandira, anadikira nthawi yaitali bwanji, ndipo akuchita chiyani lero. Zithunzi za makalasi nazonso zikhale za malo enieniwo. Pitani mukaone nokha tsiku lomwe kalasi ikuchitika.

Kodi zomwe akuphunzitsa zimakhudzana bwanji ndi nkhani ya kutsatsa moona?

Zimakhudzana kwambiri, makamaka kuno ku Kasungu. Sukulu ikalemba kuti “mudzadziwa zonse zogulitsira malo m'Malawi” koma manotsi ake ndi okopera pa intaneti kuchokera ku America kapena ku South Africa, yalonjeza china n'kupereka china. Malamulo a malo ndi a dziko lililonse palokha.

Athu anasintha kwambiri mu 2016, pamene kunabwera lamulo latsopano la malo (Land Act) ndi lamulo la malo a makolo (Customary Land Act), ndipo anakonzedwanso mu 2022. Lamulo la malo a makolo linabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi njira yoti banja kapena munthu alembetse malo ake n'kulandira chikalata. Kasungu ndi limodzi mwa maboma omwe kulembetsaku kunayamba kuyesedwa, pamodzi ndi Phalombe ndi Rumphi. Wophunzira amene sanamvepo za makomiti amenewa, amene akuganiza kuti kalata ya a nyakwawa ndi mboni ziwiri zatha zonse, adzalowetsa ogula m'mavuto.

Ndiye pali nkhani ya maesiteti. Boma lino lili ndi maesiteti ambiri a fodya omwe anatsegulidwa pa lizi, kutanthauza pa malo obwerekedwa kuboma kwa zaka zoikika, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Lizi ili ndi nthawi yake yothera, ili ndi ntchito yomwe malowo anaperekedwera, ndipo ili ndi msonkho wa malo wapachaka. Ena mwa maesitetiwa eni ake anamwalira, ana sanagawane mwalamulo, ndipo pena pakukhala mabanja a matenanti akale kapena anthu a m'midzi yoyandikana omwe akhala akulimapo zaka zambiri. Munthu akabwera n'kunena kuti “ndikudula mapuloti pa esiteti ya malemu bambo”, ejenti wophunzira bwino amafunsa ngati lizi ikadali ndi moyo, ngati wogulitsayo ali ndi mapepala oyendetsera chuma cha masiye, ngati abale ena avomera, ndiponso ngati boma lalola kuti malo aulimi asanduke okhalamo anthu. M'tauni amafunsanso kukhonsolo ngati pamalopo sipadzadutsa msewu. Amadziwanso kuti asanakhulupirire chikalata, kaundula wa malo amakafufuzidwa ku maofesi a Unduna wa Zamalo.

Choncho pemphani ndondomeko ya maphunziro musanalipire. Ngati mulibe malamulo a malo a Malawi, mulibe za malo a makolo, za lizi ndi za chuma cha masiye, kosiyo singakukonzekeretseni ntchito ya kuno, kaya chikwangwani chikunena zotani. Funsaninso za mphunzitsi. Akalemba kuti ophunzitsa ndi “akatswiri ovomerezeka”, atchule mayina ndi komwe analembetsedwa, ndipo akhale omwewo amene adzaime kutsogolo kwa kalasi. Ndimaumirira pamenepa chifukwa wovulala si wophunzira yekha. Mayi wamasiye amene adzagule puloti ya mkangano kudzera mwa ejenti wosaphunzitsidwa bwino sanaone n'komwe chikwangwani cha sukuluyo, koma ndi amene adzataye ndalama za penshoni ya malemu amuna ake.

Uthenga unangobwera pa gulu la WhatsApp, sunali m'nyuzipepala. Lamulo limafikako?

Limafika. Kutsatsa ndi kutsatsa, kaya ndi pa wailesi, pa pepala lomatidwa pamtengo pafupi ndi depoti, pa chimkuzamawu cha pagalimoto kapena pa foni. Vuto la pa foni n'lakuti uthenga umafufutidwa msanga. Jambulani uthengawo pomwe mwauona, pakuoneka tsiku ndi nambala yomwe yatumiza, ndipo mawu ojambulidwa musawataye.

Ndipo inu amene mumatumiza mauthengawa m'magulu a mpingo kapena a banki m'khonde chifukwa analonjeza kukupatsani kangachepe pa munthu aliyense wolembetsa, nenani poyera kuti mukulandirapo. Anthu akulembetsa chifukwa akukhulupirira inu.

Ndinalipira kale, ndipo ndazindikira kuti zomwe analonjeza si zoona. Nditani?

Yambani ndi kusonkhanitsa umboni: pepala lotsatsa kapena chithunzi chake, malisiti, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, fomu yomwe munasaina, ndi mayina a anzanu a m'kalasi amene anamva lonjezo lomwelo. Kenako lemberani sukuluyo kalata yaifupi yonena chimene analonjeza, chimene mwapeza, ndalama zomwe mukufuna kubwezeredwa ndi tsiku lomwe mukuyembekezera yankho. Sungani kope lake, ndipo wolandira kalatayo asaine. Pitani ndi munthu wamkulu ngati mboni, koma musapite ndi chipongwe kapena kukalanda mipando, chifukwa mlandu ungatembenukire inu.

Akakana kapena kungokhala chete, kadandauleni ku CFTC, yomwe maofesi ake ali ku Lilongwe ndipo imalandira madandaulo olembedwa. Dziwitsaninso TEVETA kapena NCHE ngati sukuluyo inagwiritsa ntchito dzina lawo. Bungwe la Consumers Association of Malawi limalankhulira ogula ndipo lingakupatseni uphungu. Kubweza ndalama kungathenso kudzera kukhoti la majisitireti konkuno, ndipo amene sangakwanitse loya angafunse thandizo ku Legal Aid Bureau. Ngati mwini sukulu watseka chitseko n'kuzimitsa foni, pitani kupolisi msanga. Mukakhala ambiri pitani limodzi, chifukwa dandaulo la anthu khumi okhala ndi malisiti limamveka kuposa la mmodzi.

Ambiri amangokhala chete chifukwa cha manyazi, makamaka ngati fiziyo inachokera ku mabelo a fodya a bambo kapena ku mbuzi zomwe amayi anagulitsa. Manyaziwo ndi amene amapatsa onyenga mpata wosamukira ku Nkhamenya kapena ku Santhe n'kukayambiranso. Wolakwa ndi amene ananama, osati amene anafuna kuphunzira.

Ine ndili ndi kasukulu kanga ndipo sindifuna kunamiza munthu. Ndilembe chiyani kuti anthu abwerebe?

Lembani zomwe mungathe kuonetsa umboni wake munthu atakufunsani lero. Dzina lenileni la sukulu ndi pomwe ili. Bungwe lomwe linakulembetsani ndi maphunziro omwe linavomereza, ndipo ngati kosi ina sinavomerezedwe, nenani kuti setifiketi yake ndi ya sukulu yanu chabe. Kutalika kwa kosi, masiku ndi maola. Mayina a aphunzitsi ndi maphunziro awo. Fizi yonse. Musaike chizindikiro cha boma, cha TEVETA kapena cha NCHE popanda chilolezo, ndipo musanene kuti boma “limakuyamikirani” pomwe linangokulembetsani. Musanyoze sukulu ina ndi nkhani zomwe simungazitsimikize.

Uthenga woona ukhoza kumveka chonchi: “Maphunziro oyambira a miyezi itatu a kasamalidwe ka nyumba za lendi ndi malamulo a malo a Malawi, Loweruka lililonse m'mawa. Setifiketi ndi ya sukulu yathu ndipo si laisensi ya ejenti. Sitilonjeza ntchito. Fizi yonse, kuphatikizapo mayeso ndi setifiketi, ili pa pepala lomwe mungatenge ku ofesi kwaulere.” Ena adzadutsa n'kupita kwa wolonjeza zambiri, zimenezo n'zoona, ndipo miyezi yoyamba idzakuwawani. Koma amene adzabwere ndi malandilodi, akalaliki a mafumu, mamembala a makomiti a malo ndi maejenti amene ali kale pantchito, anthu odziwa chomwe akufuna, ndipo sadzabwera kudzakufunsani ndalama zawo pamapeto. Uzaninso aliyense amene amakutsatsirani kuti asawonjezere zake, chifukwa lonjezo lomwe wantchito wanu wanena pakamwa lidzabwerera kwa inu.

Ndine kholo, ndimakhala ku Chamama. Mwana wanga akuumirira kuti ndimulipirire, koma sindingakwanitse kupita ku Lilongwe kukafufuza. Ndingatani ndili konkuno?

Zambiri mungazichite osafika ku Lilongwe, bambo kapena mayi. Muuzeni mwanayo abweretse zinthu zitatu musanatulutse ndalama: chithunzi cha pepala la TEVETA kapena NCHE pomwe pakuoneka dzina la kosiyo, pepala la zolipira zonse lodindidwa, ndi ndondomeko ya zomwe adzaphunzire. Mapepalawo muwaonetse aphunzitsi aakulu a sekondale yapafupi kapena mlangizi amene ali ndi foni ya intaneti, akuthandizeni kuyang'ana dzina la sukuluyo pa mndandanda wa ovomerezeka. Tsiku lomwe mwapita kuboma, dutsirani ku ofesi ya zamalo kwa DC mufunse ngati setifiketi yoteroyo imathandiza munthu kulembetsedwa ngati ejenti, kenako mukaone kalasiyo ndi maso anu ophunzira ali m'kati.

Zonse zikakhala bwino, pemphani kulipira pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, m'malo mopereka fizi yonse patsogolo, ndipo lisiti lililonse lizibwera kunyumba muzisunga inuyo. Ngati mwanayo ali ndi MSCE yabwino ndipo mtima wake uli pa ntchito ya malo, mufunseninso aphunzitsi akewo za njira yofunsira malo ku MUBAS kapena ku Mzuzu University pamene NCHE yalengeza kuti ophunzira ayambe kutumiza mafomu a mayunivesite a boma.